Njovu Zinazolowera Nyimbo ya Mlongo Wanga

Mlongo wanga wamng'ono anaphunzirira ng'oma pansanja yolindira munda, kwathu ku Mnkhanya. Ng'oma zake zinali mgolo wobooka, lata lakale ndi khasu lopanda mpini. Kwathu aliyense amadziwa kuti ukamenya mgolo mofananafanana, njovu imaima, kumvetsera, kenako n'kupitiriza kudya. Ndiye iye ankasinthasintha. Pano wafulumira, pano waleka zii, pano wagwetsa zonse pamodzi. Njovu zinkathawa. Mwamuna wanga atamwalira, ine ndi ana anga tinkadya chifukwa cha manja amenewo.

Kenako anapezana ndi anyamata awiri a ku Mfuwe, wina wokonza magalimoto paloji ya alendo odzaona nyama, wina wa gitala amene anachotsedwa m'kwaya chifukwa chokometsera mopitirira. Nyimbo zawo ankazitcha metal. Ine ndinkazitcha matenda. Gitala ikulira ngati chigayo chotsamwa, woimba akubangula, nyimbo imodzi kutalika mpaka nyemba kupsa. Ukati uvine, mwendo uli m'mwamba, ng'oma yatembenuka kale. Ataimba koyamba pamsika, amayi ena anafunsa ngati pali wogwidwa ziwanda.

Koma mlendo wina wa paloji anawajambula pafoni, ndipo kanemayo anayenda kutali. Anaitanidwa ku Chipata, anamveka pawailesi, achinyamata n'kuyamba kuvala zakuda kutentha konse kwa kwathu kuno. Sindibisa, ndinkanyada. Uthenga wowaitana kukaimba ku Lusaka ndi umene unandisokoneza, chifukwa unafika chimanga chitangoyamba kukhwima, nthawi imene njovu zimasiya tchire n'kulunjika kuminda.

"Iwe, dikira tikolole," ndinamuuza mlongo wangayo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Asisi, chansi iyi sibwera kawiri. Nikakana, basi, nizakalambira pansanja."

"Nanga ana adya chiyani? Ng'oma?"

Ndinalira, ndinamutukwana, ndinagwada n'kugwada komwe, ine mkulu wake. Iye anabweretsa sipika yaikulu ndi batire la sola, n'kuzimangirira pansanja. Anaikamo nyimbo yawo yotchuka, yomwe ija ya mgolo ndi lata.

"Muzingoyatsa iyi, asisi. Ndine nilimo."

Tonse awiri tinakhulupirira, ife obadwira pakati pa njovu. Iye n'kukwera basi ya ku Lusaka.

Masiku oyamba zinathekadi. Ndikayatsa, njovu zinkabwerera, ine n'kumati mwana uja ndi wanzeru. Koma tsiku lililonse zinkaima pafupi kuposa dzulo lake. Sipika ilibe maso, sidziwa kuti njovu yasendera. Imaleka pomwe inalekera dzulo, imagwetsa pomwe inagwetsera dzulo.

Tsiku lina zinabwera dzuwa likadalipo, yaikazi yaikulu patsogolo, ana ake pambuyo. Ndinakweza sipika mpaka kumapeto. Yaikazi ija inatukula makutu, kumvetsera pang'ono, n'kuponda mzere woyamba wa chimanga. Nyimbo itafika pamene mgolo umaphulika mwadzidzidzi, sinadzutse n'komwe mutu.

Ndinatola ndodo n'kuyamba kumenya mgolo ndekha. Koma manja anga amadziwa kusinja basi, gu, gu, gu. Ndinayesa kusintha monga iye ankachitira, manja n'kubwerera ku mtondo womwewo. Ndinayatsa ndowe zosakaniza ndi tsabola, mphepo n'kubweza utsi wonse m'maso mwanga. Ndinakuwa, ndinapemphera, ndinaitana ngakhale malemu mwamuna wanga. Mwana wanga wamkazi anafuna kutsika ndi mwala m'manja, ndinamugwira diresi n'kumukhazika pansi. Tinakhala pansanjapo tikuyang'ana chakudya cha chaka chonse chikulowa m'kamwa mwa njovu, nyimbo ija ikutha n'kuyambanso.

M'mawa mwake ndinali m'munda kutola zitsononkho zopondedwa pamene foni inalira. Anali mlongo wanga uja, mawu atasasa.

"Asisi! Holo inadzaza! Nyimbo ija anaipempha kawiri, ndipo kuli munthu afuna tijambule alubamu!" Analankhula yekha kwa nthawi, kenako anafunsa, "Nanga munda?"

"Kulibe munda. Zinazolowera."

 Mkwiyo ndinali nawo wodzaza chifuwa, ndipo mawu omubaya ndinali nditawakonza kale. Koma ndinamva akupuma ngati mwana amene akuletsa kulira.

"Nibwere, asisi? Nikwera basi lelo."

Ndinayang'ana mapesi ogona ndi mapazi a njovu m'matope, ndinayang'ana ana anga akufukula pansi pofuna chotsala.

"Ubwere kudzalinda chiyani?" ndinatero. "Khala komweko. Ndinakufunsa ngati ana adya ng'oma. Chaka chino adya zomwezo, ndiye uzimenye ndithu, usaleke."