Batani, Kagalu ka Atelala

Bambo anga ndi telala, ndipo asoka m'chipinda chimodzimodzi kwa zaka makumi atatu, mwina kuposerapo pang'ono. Chipindacho chili kumaso kwa nyumba yathu, moyang'ana msewu. Muli makina awiri osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi, ndi benchi la makasitomala. Ntchito yawo yambiri ndi mayunifolomu a ana asukulu. Aliyense amene anasoketsako kwa iwo amadziwa kuti sadula nsalu ndendende ndi muyeso. Amasiya mpata m'chiuno ndi m'mapewa, chifukwa amati mwana sachedwa kukula.

Mayi atamwalira, nyumba inangoti zii. Ndiye achemwali anga aakulu, omwe ndi namwino, anawabweretsera kagalu ka miyezi itatu. Mtundu wake amati pagi: kafupi, ka mphuno yophwatalala, nkhope makwinya okhaokha ngati malaya osasita. Bambo anakatcha Batani chifukwa cha maso ake akuda obulungira.

"Ameneyu ndiye galu?" anafunsa tsiku loyambalo. "Wakuba akabwera, athawa kapena aseka?"

"Si kolondera aka, ababa. N'kocheza nako," anayankha achemwali.

Anasiyanso thumba la timibulu touma todya tiagalu, kakapu koyezera, ndi pepala la malangizo lochokera kwa dokotala wa ziweto. Pepalalo linkati kakapu kamodzi kosasefukira, katatu pa tsiku, timibuluto tinyowetsedwe ndi madzi ofunda, ndipo mbale ikhale yosazama kuti mphuno isamire. Zotsala patebulo ayi, mafupa ayi.

Sindikufuna kuwanamizira bambo, malangizowo ankawatsatira. Nthawi sinkaphonyeka, ndipo kasitomala wofuna kuponya bisiketi pansi ankamuletsa asanatambasule n'komwe mkono. Batani ankagona pa zidutswa za nsalu pafupi ndi phazi lawo, iwo akupalasa makina n'kumamufotokozera za makasitomala ovuta. Kuseka kumene tinali titakuiwala kunayambanso kumveka m'chipindamo.

Patatha miyezi iwiri achemwali anabwera kudzacheza. Batani anawathamangira, koma anaima pakati pa chipinda ali wefuwefu, kukhosi kukulira ngati makina osowa oilo. Achemwali anagwada n'kumugwiragwira m'mbali.

"Nthiti zili kuti, ababa?"

"Zili m'kati, mwana wanga. Zingapite kuti?"

"Zimayenera kumveka mukagwira. Tandionetsani mmene mumayezera."

Bambo anadzaza kakapu bwinobwino, kenaka anatapa timibulu tina ndi zala n'kuunjika pamwamba.

"Nanga ito?"

"Mpata. Akukulatu ameneyu."

"Ababa! Si yunifolomu iyi!"

Ine ndinaseka, koma achemwali sanaseke. Anafotokoza kuti tiagalu ta mphuno yaifupi timapuma movutikira kale, ndipo mafuta akachuluka vutolo limakula. Anaimbira foni dokotala uja pomwepo, yemwe anati kagaluko kasamanidwe chakudya popeza kakukula, koma chowonjezeracho chithe, ndipo kaziyendako m'mawa kusanatenthe.

"Ndibweranso pakatha milungu isanu ndi umodzi," anatero achemwali. "Kakapanda kusintha, ndikatenga ndikakasamale ndekha. Sindikukuopsezani, koma ndichita."

Bambo anangoyang'ana pansi pa makina.

Masiku atatu otsatira anayesetsa. Ndinawaona ndi maso anga akuyeza moyenera, kenaka zala zikubwerera zokha m'thumba. Kawiri anadzigwira, kamodzi sanazindikire mpaka nditawauza.

"Dzanjali silikundimvera," anadandaula. "Lakalamba likusiya mpata."

Tsiku lachinayi anayala nsalu yotsala patebulo, n'kulemba ndi choko timizere ting'onoting'ono. Anasoka timatumba titatu, kalikonse kolowa kakapu kamodzi basi, kokhala ndi zipi yoti singatsekeke mukawonjezera ngakhale timibulu tisanu. Anandiuza kuti aka kanali koyamba chiyambireni ntchito kudula nsalu osasiya kanthu, ndipo mtima unawawawa ngati akubera kasitomala. M'mawa uliwonse ankadzaza timatumbato, n'kundipatsa thumba lalikulu kuti ndikatsekere m'kabati ya kuchipinda kwanga.

Batani sanakondwe. Akamaliza kudya ankakankha mbale ndi mphuno mpaka pa phazi la bambo, n'kuwayang'anitsitsa.

"Usandiyang'ane ine, bwana," ankatero bambo. "Kadandaule kwa anesi."

Kuyenda kwa m'mawa kunali kochepa, kukafika pa shopu ya wometa tsitsi n'kubwerera. Sabata yoyamba Batani ankapumira panjira. Pofika sabata yachinayi, ndi bambo amene ankapempha kupuma.

Tsiku lija litakwana, achemwali anafika ndi basiketi yonyamulira galu n'kuiika pabenchi. Bambo anapitiriza kusita kolala yomwe anali ataisita kale. Batani anathamanga chipinda chonse mpaka pakhomo, osaima. Achemwali anamugwira m'mbali, kenaka anamvetsera kapumidwe kake.

"Nthiti zikumveka," anatero. "Kakhale konkuno. Koma mwezi wamawa muyeso usintha, dokotala akuuzani."

"Tisoka ena matumba, vuto palibe." Bambo anazimitsa simbi, n'kuloza pabenchi. "Nanga basiketiyo mutani nayo?"

"Ndibwerera nayo."

"Isiyeni, anesi. Azigonamo."