Nkhope ya Bambo Anga Ndinaifufuta Ndekha

Inu owerenga, palibe amene anandibera kapena kundipusitsa. Chithunzi chimodzi chokha chimene bambo anga anasiya pansi pano ndinachitaya ndekha, chifukwa chofuna kuti aphunzitsi andiyamikire.

Kwathu ndi ku Mavwere. Bambo anamwalira ndili sitandade sikisi, amayi ali oyembekezera mng'ono wanga Tadala. Ankagula mtedza m'midzi n'kukagulitsa ku bodala ya Zambia pa njinga. Tsiku lina wojambula woyendayenda anawajambula komweko ataima pambali pa njinga yawo, atavala malaya ong'ambika paphewa ndi nsapato za matayala. Pamwamba pa diso lakumanzere anali ndi chipsera chachikulu cha nyanga ya ng'ombe. Amayi ankasunga chithunzicho m'buku la nyimbo, pansi pa sutukesi.

Nditamaliza fomu folo, amalume anandipezera malo pa kasukulu kena ka pa Boma, kophunzitsa kujambula zithunzi ndi kukonza mapositala pa kompyuta. Anzanga ambiri anali ana a m'tauni. Ine kompyuta ndinali ndisanaigwirepo, choncho ndinkakhala kumbuyo osatsegula pakamwa, koma chilichonse chimene aphunzitsi anena ndinkachichita mosamala.

Teremu yomaliza anatipatsa ntchito ya mayeso. Aliyense abweretse chithunzi chakale chowonongeka, achikonze pa kompyuta, kenako amate chakale ndi chatsopano pa katoni yolimba kuti oyesa mayeso aone kusiyana kwake. Kwathu kunalibe chithunzi china koma cha bambo chija.

Nditawapempha chithunzicho, amayi anakana kawiri. Kachitatu anachikulunga m'kansalu n'kunena kuti, "Iwe, awa ndi bambo ako, si pepala. Lachisanu abwere." Ndinavomera. Zoti chikamatidwa ndi guluu ndinkazidziwa, koma sindinawauze.

Chithunzicho chitaoneka pa kompyuta, mtsikana wina wa m'kalasi anasuzumira n'kufunsa kuti, "Asisi, madalawa avala matayala a lole iti?" Kalasi yonse inaseka, ine ndinangowerama. Aphunzitsi anangotiuza kuti tichotse makwinya ndi mathotho a madzi, koma anawonjezera kuti woonetsa luso adzapeza malikisi ambiri. Mawu amenewo ndi amene ndinagwira.

Pa kompyuta pomwepo ndinasoka malaya aja. Ndinawaveka nsapato zakuda zomwe ndinazitenga m'magazini. Njinga ndinaichotsa n'kuikapo maluwa. Pomaliza ndinafufuta chipsera chija, nkhope yonse n'kuisalaza. Ndipo poti ndinali mlendo pa kompyuta, chatsopanocho ndinkachisunga pamwamba pa chakale, moti chakale sichinatsalemo.

Aphunzitsi anandiitana kutsogolo, koyamba chiyambireni sukuluyo, n'kuonetsa ntchito yanga kwa onse. Aja ankaseka anandiombera m'manja. Ndisanamate, aphunzitsiwo anandifunsa ngati kunyumba kuli chithunzi china chofanana, chifukwa zopita kwa oyesa mayeso sizibwerera. Apa ndi pamene ndinachimwa, inu owerenga. Ndinaopa kuwakhumudwitsa atangondiyamikira kumene, ndiye ndinati, "Eya, chilipo." Ndinamata ndi manja anga.

Lachisanu sindinapite kumudzi. Ndinapita patatha milungu itatu, nditanyamula chithunzi chatsopano m'felemu yagalasi, ndikudzinamiza kuti amayi akasangalala. Ndinawapeza akuswa mtedza pakhonde. Anapukuta m'manja, anachilandira, anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Abwanawa ndi ndani?"

"Ndi bambo, amayi. Ndawakonza."

"Anawonongeka pati? Bala limene lija ndinalitsuka ine ndi madzi amchere mwezi wathunthu. Lili kuti?" Anandibwezera felemuyo. "Awa sunga ndiwe. Ndipatse anga aja."

Ndinawauza zonse. Sanandikalipire. Anapitiriza kuswa mtedza, ndipo kunena zoona kukanakhala bwino akanandimenya.

Ndinabwerera kusukulu n'kuulula bodza langa. Aphunzitsi anandilembera kalata, ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe komwe makatoni anapita. Anandizunguliritsa maofesi tsiku lonse, mpaka bambo wina anandiuza mwaulemu kuti malikisi akalembedwa, makatoniwo sasungidwa. Ndinakafunsanso ku bodala za wojambula uja. Ena anati anabwerera ku Zambia, ena sankamukumbuka n'komwe.

Mayeso ndinakhoza bwino, ndipo lero ndimadyera ntchito yomweyi. Ndayesa kangapo kubwezeretsa chipsera chija pa kompyuta, koma sindikumbuka ngati chinkaloza kumphumi kapena kukhutu, ndipo nkhope imene ndinaisalaza siikubwerera. Kufunsa amayi ndimalephera.

Felemu ija anaitola ndi Tadala n'kuipachika pabalaza. Iye bambo sanawaonepo, ndipo chithunzi chenicheni chija anangochiona kamodzi kapena kawiri ali wamng'ono. Anzake akabwera amawauza kuti bambo ake ankagwira ntchito mu ofesi. Amayi akamva samutsutsa, amangotuluka.

Anzanga amene mukuphunzira ntchito imeneyi, ndikukupemphani. Chinthu chimene chilibe chinzake musapite nacho kumayeso. Ngati mwabwereka, nenani zonse zimene mukachite nacho, mwiniwake akane akudziwa. Aphunzitsi akakufunsani, yankhani zoona. Aphunzitsi anga aja akanandipezera njira ina ndikanangoti chilibe chinzake. Ndipo musachite manyazi ndi malaya a makolo anu. Amene anandiseka aja pano sindidziwa komwe ali.

Mwezi watha Tadala anaima pansi pa felemuyo, kagalasi kali m'manja, n'kundifunsa kuti, "Achemwali, kodi ndimafanana nawo?" Ndinati akafunse amayi. Munthu amene ali pakhomayo ndinamupanga ine, ndipo safanana ndi aliyense wa ife.