Code Yanga, Dzina la Queen

Anzanga, Queen ndinakumana naye pa kabenchi kanga pa msika wa Katete, pomwe ndimakonzera mafoni. Anabwera atakumbatira laputopu ngati mwana wodwala malungo.

"Ndinu a Fanwell? Akuti mumakonza."

"Sindikonza, mayi. Ndimaukitsa akufa."

Sanaseke. Vuto linali chaja chabe, koma ndinatha maola awiri ndikupukusa mutu ngati dokotala, kuti ndimuone bwinobwino.

Akudikira, anasuzumira pa foni yanga yosweka galasi.

"Mukuonera chiyani?"

"Blockchain. Za akuluakulu izi."

"Kosi ya bungwe la ku Lusaka ija? Inenso ndili momwemo."

Ndinatsala pang'ono kumeza sikuluu.

Kwa inu osadziwa, blockchain ili ngati buku limodzi losungidwa ndi anthu masauzande nthawi imodzi. Chomwe walembamo sichifufutika, ngakhale ulire. Kosiyo inali yaulere, ya pa intaneti. Pomaliza aliyense amatumiza project yake, ndipo kuno ku Eastern amatenga munthu mmodzi yekha kukaphunzira miyezi six ku Lusaka. Mmodzi, anzanga.

Ine, wa Grade 9 yobwereza, ndinali nditavutika miyezi inayi pa kafoni. Kulemba code, malangizo ouza kompyuta chochita, pa foni kuli ngati kulima ekala ndi supuni. Chala chimodzi chimadina zilembo zitatu.

Queen anali ndi laputopu ndi Chingerezi. Ine ndinali ndi mutu, mutu woti ukanabadwira kwina bwenzi ukuyendetsa ndege. Tinagwirizana. Loweruka lililonse amakwera minibasi kuchokera ku Sinda, n'kudzakhala pabenchi panga mpaka dzuwa kupendeka. Iye amandimasulira mawu ovuta, ine ndimalimbana ndi Solidity, chinenero cholembera zinthuzi.

Loweruka lachinayi anasiya kunditcha "a Fanwell".

"Iwe, ukaganiza umatulutsa lilime. Ukudziwa?"

"Ndi antena imeneyo. Usaisokoneze."

Anaseka mpaka kugwetsa vitumbuwa. Basi, chikondi chinayambira pomwepo.

Project yanga inachokera kumudzi. Amalume anga ku Vubwi anawagulitsa mbewu ya mtedza yabodza, munda wonse unangomera manyazi. Ndiye ndinati, thumba lililonse la mbewu lizilembedwa pa blockchain, kumene lachokera ndi amene waligwira. Wachinyengo asapeze pobisala.

Manje mverani pomwe ndinapusira.

Pa laputopupo panali potsegula kale akaunti ya Queen ya GitHub, komwe timasunga code, ndi wallet yake yoyeserera, yomwe imakhala ngati chidindo chako pa blockchain. Tsiku loyamba iye mwini anandiuza.

"Tsegula yako, Fanwell."

"Ah, ma password amandipweteka mutu. Chako n'changa, si choncho?"

Ine ndi pakamwa panga.

Miyezi itatu ndinadya ma error ofiira ngati tomato. Makasitomala amabwerera ndi mafoni awo ine ndili pa code. Project ya Queen, yokhudza mavoti a ku kwaya, inafera panjira, ndipo ndimamutonthoza kuti ndikapita ku Lusaka ndidzamuitanitsa.

Tsiku lomwe yanga inagwira ntchito ndinakuwa mpaka azimayi ogulitsa nsomba za kapenta anayamba kufunsa kuti wakuba ali kuti. Ndinatumiza link tsiku lomwelo, n'kuyamba kutsanzika anthu. Msika wonse unadziwa kuti Fanwell akupita.

Patatha masabata awiri, foni. Anali a Ezekieli, aphunzitsi athu a kosi.

"A Fanwell, project imodzi yabwera ndi mayina awiri. Lanu ndi la Queen."

"Ndi yanga, bwana. Ndifunseni mzere uliwonse."

"Ndayang'ana mbiri yake. Yasungidwa ka 214, konseko ndi dzina la Queen. Wallet yomwe inaiika pa blockchain ndi yakenso. Inu simukuonekapo ngakhale kamodzi."

"Tinkagwiritsa laputopu imodzi..."

"Iye akuti munkangomuthandiza kuchaja. Tinakuphunzitsani sabata yoyamba kuti aliyense akhale ndi akaunti yake. Project yapambana, koma opita ku Lusaka ndi Queen. Pepani."

Kuchaja! Ine Fanwell, miyezi itatu, kuchaja.

Ndinamuimbira Queen kakhumi, osayankha. Ndinamupeza Lolemba pa siteji ya mabasi a ku Lusaka, ali ndi chikwama chatsopano, laputopu ili pachifuwa.

"Queen, imbira a Ezekieli. Mawu awiri okha. Uwauze zoona."

Anayang'ana pansi.

"Nanenso ndinathandizako."

"Unathandiza, sindikukana. Nanga mzere 40 umachita chiyani?"

Anayamba kuwongola lamba wa chikwama, ine n'kuwonjezera funso lina.

"Kumeneko akakufunsa uyankha chiyani?"

"Ndikaphunzira. Fanwell, iwe uli ndi mutu, upanga ina. Uli ndi benchi lako. Ine ndikatsala ku Sinda, amalume andipezera kale mwamuna wa ng'ombe. Ndilibe mwayi wina."

"Bwanji sunandipemphe?"

"Ukanandipatsa?"

Anzanga, ine amene sindisowa chonena, mpaka lero sindidziwa kuti ndikanayankha chiyani, ndipo n'chimene chimandikwiyitsa kwambiri.

Kondakitala anamenya chitseko. Queen anakwera, n'kukhala mbali yomwe kulibe windo loyang'ana kwa ine.

Ndinabwerera ku msika wapansi. Mayi wina wa kapenta anandifuulira, "A Lusaka, mwabwerako kale?" Ndinangoti basi yadzaza.

Mukonde, anzanga, sindikukuletsani. Mubwerekane chaja, mudyere mbale imodzi. Koma thukuta lanu muzililemba dzina lanu. Langa lili pa blockchain mpaka kalekale, dziko lonse likhoza kuliona, ndipo likunena kuti ndi la Queen.