Matekenya a Petulo

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene nkhondo inandichotsa ku Furancungo. Bambo anga anali mphunzitsi wa boma, ndipo masiku amenewo aphunzitsi ankasakidwa kwambiri. Iwo anatsala ku vila, kutauni kwathuko, koma ine ndi mayi anatitumiza kumudzi kwawo kwa mayiwo, kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kumene anthu ankakumba mbatatesi makutu ali kuphiri kumvetsera mfuti. Ndinafika kumeneko ndi zinthu ziwiri zimene ana a m'mudzimo analibe: Chipwitikizi cha kusukulu ndi nsapato zofiira zapulasitiki.

Ndisabise, ndinali mwana wamatama. Munthu akati "Wadzuka bwanji, Rozariya?" ine ndinkayankha kuti "Bom dia," mphuno ili m'mwamba. Amene analawa kwambiri mwano wanga anali Esinati, mwana wa mayi anga aang'ono, yemwe ndinkagona naye pamphasa imodzi. Tsiku lina ndinamupeza pakhonde akuzula matekenya kuphazi ndi phini. Ndinalavula, n'kumuuza anzathu onse akumva kuti matekenya ndi matenda a anthu osasamba. Iye anangopitiriza ntchito yake.

Matekenya sadziwa mwana wa mphunzitsi. Pasanathe mwezi, zala zanga zakuphazi zinayamba kuyabwa, kenaka kutupa. Nditasuzumira ndili ndekha kuseri kwa nkhokwe, ndinapeza timadontho takuda pafupifupi chala chilichonse. Ndikanauza ndani, ine amene ndinalavula uja? Ndinaganiza zongobisa. Nsapato zija ndinasiya kuvula: kumunda nazo, kudambo nazo, ngakhale pogona. Posamba ndinkadikira kuti anzanga achoke. Mayi atafunsa chifukwa chimene ndinkayendera ngati bakha, ndinati ndi mmene amayendera atsikana a ku vila.

Za tchalitchi ndinkadziwa zochepa, chifukwa wantchito wa boma nthawi imeneyo sankafuna kuoneka pakhomo pa tchalitchi, ndipo ife tinkatsatira bambo. Kumudzi kunali kosiyana. Ansembe anali atasiya kubwera chifukwa cha mabomba a mumsewu, koma katekisiti wokalamba, a Fulansisiko, ankasonkhanitsabe anthu m'kachalitchi kaudzu. Belu sankaliza, kuopa kuitana alendo osafunika.

Sabata Loyera litayandikira, a Fulansisiko analengeza kuti Lachinayi pafunika atumwi khumi ndi awiri odzakhala pabenchi yakutsogolo. Amuna anali ochepa. Ena anatengedwa ku nkhondo, ena anathawira ku Malawi, choncho anati chaka chino amayi ndi ana alowamo. Ine mawu ena onse sindinawamve, ndinangomva akuti "kutsogolo". M'maso mwanga ndinaona kale nsapato zofiira zikuwala pamaso pa mudzi wonse. Ndinafunsa Esinati kuti wamkulu wa atumwi anali ndani, ndipo atati Petulo, ndinapita kwa katekisiti kukanena kuti Petulo ndikhala ine.

"Ukudziwa zimene zimachitika tsikulo, mwanawe?" anandifunsa.

"Sim, ndikudziwa zonse," ndinanama.

Lachinayi masana tinakhala pabenchi paja, ine kumapeto, miyendo nditaitambasula kuti aliyense aone bwino. A Fulansisiko anawerenga za Ambuye akusambitsa ophunzira awo mapazi, ndi mmene Petulo anakanira poyamba. Ndinkagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. Kenaka ndinaona nkhalamba ija ikumanga nsalu m'chiuno, ikunyamula beseni la madzi, n'kugwada pamaso pa mtumwi woyamba. Apo m'pamene nzeru zinandibwerera. Ndinapemphera pemphero langa loyamba lochokera pansi pa mtima: kuti madzi athe asanafike pa ine.

Madzi sanathe. Anzanga khumi ndi mmodziwo analibe chovula, ndiye ntchito inkathamanga. Beseni litaima patsogolo panga, ndinabisa mapazi pansi pa benchi.

"Ayi! Anga musasambitse!" ndinakuwa.

Mpingo wonse unasangalala. Anthu anayesa kuti ndikusewera Petulo monga momwe tinamvera m'mawu aja. Mayi wina analuluta. Bambo wina kumbuyo anati, "Ana a ku vila ngophunzira ndithu!" Ndikamakana mwamphamvu, iwo amawonjezera kuomba m'manja. Mayi anga ankayang'ana uku ndi uku monyadira, kuti aliyense adziwe mwini mwana.

A Fulansisiko anadikira pang'ono, kenaka anagwira mwendo wanga ndi dzanja lozolowera khasu, n'kusolola nsapato. Fungo linatsogola. Mapazi otsekeredwa mupulasitiki masabata atatu ali ndi uthenga wawo, ndipo mtumwi amene anakhala pafupi nane, kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi, anasendera kutali atagwira mphuno. Kenaka anasuzumira, n'kulengeza mokweza ngati akuitana mbuzi:

"Petulo ali ndi matekenya!"

Chiseko chake sindidzachiiwala. Ena ankayesa kuchibisa m'nsalu poti tinali m'nyumba ya Mulungu, koma chinkatulukira m'mphuno. Ndinalira, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Katekisiti yekha ndiye sanaseke. Sanafulumirenso. Anaika phazi langa m'madzi, n'kusambitsa chala chimodzichimodzi, mofatsa, nkhope yake ili pafupi penipeni ndi fungo lija. Atapukuta anavula nsapato inayo n'kuchitanso chimodzimodzi. Kenaka ananena motsitsa mawu, kuti ndimve ndekha:

"Lero ndasambitsako phazi lofunadi kusambitsa. Koma madzi sazula matekenya, mwanawe. Upeze munthu wa phini."

Munthu wa phini m'nyumba mwathu anali mmodzi yekha. Kuchoka patchalitchi kufika kunyumba sipanali patali, koma ndinayenda ngati ndikupita ku Tete, nsapato zili m'manja. Esinati ndinamupeza pakhonde akusenda nyemba. Ndinaima patsogolo pake.

"Esinati, undithandize," ndinatero m'Chichewa chenicheni.

Anatulutsa phini pam'pendero wa diresi, n'kuika phazi langa pamiyendo pake.

"Ndinadziwa kalekale," anatero. "Umadzikanda usiku, mphasa yonse n'kumagwedezeka. Ndimangodikira kuti upemphe."

Anazula mpaka dzuwa kupendeka, ine ndikukuwa, iye akuseka, ndipo ndisaname, mwina mwina ankabaya dala. Sindinadandaule, poti ndinkadziwa chimene ndinkalipira. Dzina loti Petulo linandikakamira mpaka nkhondo itatha.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo m'tchalitchi mwathu ndimakonda kuthandiza ena. Kumeneko sikundivuta, chifukwa wothandiza amaoneka bwino. Chimene chimandivutabe ndi kutambasula phazi langa lodwala kwa munthu amene ndinamunyoza. Kale ndinkayesa kuti wodzichepetsa ndi wogwada ndi beseni yekha. Tsopano ndikudziwa kuti wokhala pabenchi nayenso ali ndi ntchito, ndipo kwa anthu ngati ine ndiyo yowawa: kulola kuti akuone mmene ulili. Masabata atatu ndinavutika chabe, mankhwala akugona pambali panga, akudikira liwu limodzi lokha.