Mkate Umene Sunatupe

Ntchito yokonza mkate wa Mgonero pa tchalitchi chathu cha ku Lifuwu ndinaitenga kwa amayi anga. Atamwalira, akulu a mpingo anandipatsa mbale yachitsulo yoikamo mkatewo, ndipo nsalu yoyera yovundikira, imene amayi anaisoka okha ndi ulusi wofiira m'mphepete, ndinaipeza m'sutikesi mwawo. Ntchito yake sinali yovuta. Loweruka ndinkagula buledi ku golosale, kuchotsa makoko, n'kudula timagawo tofanana. Ndinkanyada nayo, sindibisa. Mkazi wamasiye wolima mpunga alibe zambiri zomuimiritsa kutsogolo kwa anthu, koma ine ndinali ndi mbale ija.

Zonse zinayamba ndi magalasi. Mwana wanga wa ku Lilongwe atandigulira, ndinati ndiwerenge Baibulo kuyambira tsamba loyamba, osati kudumphadumpha monga tinazolowera. Kwathu Chipangano Chakale timachitenga ngati nyumba ya kuseri yosungiramo makasu: timadziwa kuti ilipo, koma alendo sitiwalowetsamo. Ndinkawerengera kumunda, m'kachisakasa, nthawi yoingitsa mbalame. Chaka chimenecho mbalame zinadya bwino.

Ndinafika pa nkhani ya Aisraeli akutuluka ku Igupto. Mwanawankhosa wopanda chilema, magazi pakhomo, lamulo loti fupa lake lisathyoledwe, ndiwo zowawa, ndi mkate wopanda chotupitsa chifukwa panalibe nthawi youdikira kuti utupe. Ndinaika chala pamenepo n'kutsegula kutsogolo, pamene Yesu anadya komaliza ndi ophunzira ake. Linali phwando lomwelo, masiku omwewo a mkate wosatupitsa. Ndinapita pamtanda: asilikali anathyola miyendo ya awiri amene anapachikidwa naye, yake anaisiya. Kuti Yesu anali Myuda ndinkadziwa, monga ndimadziwira kuti ku Salima kuli siteshoni ya sitima, koma sindinaganizepo kuti tebulo limene ndinkayala linayalidwa kale ndi Mose. Ndinakumbukira buledi wanga wofutukuka uja, ndipo mtima unakana.

Vuto linali lakuti sindinkadziwa kuphika mkate wotere. Amene ankadziwa anali mnansi wanga, mayi wachisilamu wogulitsa chapati pamsika. Timatunga pamjigo umodzi, ndipo pamaliro a amuna anga ndi iyeyo anagwira kukhitchini mpaka anthu anabalalika. Ndinamuuza kuti ndikufuna fulawa ndi madzi basi, popanda mafuta, popanda mchere.

"Amayi, umenewu ndi mkate kapena chilango?" anandifunsa akuseka. "Wallahi, pamsika sungagulidwe."

Anandibwereka chiwaya chake, nandionetsa kapapatizidwe. Wokanda ndinali ine, wootcha ndinali ine. Unatuluka wopyapyala, wouma, wa timawanga topserera. Akulu a mpingo sindinawauze. Ndikanawauziranji? Zaka zonsezo panalibe amene anandifunsapo kumene ndimagula buledi.

Lamulungu la Pasaka abusa anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Salima. Atavundukula nsalu, dzanja lawo linaima m'malere. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso. Kenaka ananyamula mkate uja n'kuunyema, ndipo unalira kuti khotcho, mpaka a kumabenchi akumbuyo anamva. Ndinali ndisanamvepo mkate ukunyemedwa m'tchalitchi chimenecho, poti buledi amangopindika. Misozi inalengeza m'maso mwanga. Koma kumbuyo kwanga mayi wina ananong'ona kuti, "Chapati!" ndipo mawuwo anayenda benchi ndi benchi kuposa mbale. Ena anadya, ena anangofumbata.

Sabata isanathe anandiitana ku bwalo la akulu. Wolankhula anali mkulu wa mpingo amene munda wake unachita malire ndi wanga, munthu woti timakangana za madzi a m'ngalande chaka ndi chaka.

"Mayi, mapanga awiri avumbwitsa," anatero. "Tiuzeni, muli kutchalitchi kapena kumzikiti? Mwatidyetsa chakudya cha Asilamu pa gome la Ambuye."

"Bambo, mkate umenewu unalipo tchalitchi chino chisanamangidwe, mzikiti usanamangidwe. Ndi wa Pasaka wa Ayuda."

"Ifetu si Ayuda."

"Inu si Myuda, inenso ayi. Koma amene timakumbukira thupi lakeyo ndi Myuda, ndipo anagwira mkate wotere m'manja mwake."

"Nanga chiwaya chinali cha yani?"

Pamenepo mtima unandipsa. "Chiwaya chinali cha mnansi wanga. Nanga golosale imene ndakhala ndikugulako buledi zaka zonsezi ndi ya yani? Si ya bambo aja ovala kanzu, amene amatseka Lachisanu masana? Buledi wawo mwadya mpaka imvi, lero ndiye mwadziwa kunyansidwa?"

Wina anatsokomola kuti abise kuseka. Abusa ananena motsitsa mawu kuti za m'Malemba sakuzitsutsa, koma mpingo uli ndi dongosolo lake, ndipo mitima ya anthu yakhumudwa. Chigamulo chinali chakuti Lamulungu ndiimirire pamaso pa mpingo, ndinene kuti mkate uja unali wachipembedzo china ndipo unadetsa gome. Ndikakana, ndibweze mbale.

Masiku otsatirawo aliyense anasanduka mlangizi wanga. Mwana wanga anaimba foni akudandaula kuti akanadziwa sakanagula magalasi. Ngakhale mnansi wanga anabwera pakhonde ali wakugwa nkhope. "Kapepeseni, amayi," anatero. "Nenani kuti ndi wathu, ife sitidandaula. Musataye malo a amayi anu chifukwa cha chiwaya changa." Ndinamuyang'ana manja ake, omwe aja anaphika pamaliro a amuna anga, ndipo ndinadziwa kuti pakamwa panga sipangatuluke mawu akuti chochokera m'manja amenewo n'chodetsa. Komanso likanakhala bodza pa Ambuye wanga, kumulanda mtundu wake kuti atikomere ife.

Lamulungu ndinaimirira pamaso pa mpingo. Ndinati amene ndinawadzidzimutsa andikhululukire chifukwa cha kudzidzimukako. Ndinati mkate uja sunali wodetsedwa, ndipo sindidzanena kuti unali wodetsedwa, lero kapena mawa. Ndinati Yesu sanabadwire ku Lifuwu kuno, ali ndi kwawo, ali ndi makolo ake, ndipo amene akufuna mwanawankhosa asakane khola limene anachokera. Kenaka ndinanyamula mbale n'kukaiika m'manja mwa mkulu uja. Iye anatambasulanso dzanja kufuna nsalu.

"Mbale ndi ya mpingo, tengani," ndinatero. "Nsaluyi ndi ya amayi anga."

Ndinaipinda pamaso pa onse n'kukakhala pansi.

Kutchalitchi sindinachoke, ngakhale ena ankayembekezera. Mgonero ukafika, mayi wina amabwera ndi buledi wa ku golosale yomwe ija, m'mbale yomwe ija, ndipo ine ndimatenga kagawo kanga n'kudya, chifukwa gomelo si la akulu a mpingo. Zimandiwawa. Mbale ikamadutsa ndimaona pamene inaphwanyika pang'ono tsiku limene amayi anaigwetsa, ndipo ndimayang'ana kumbali.

Koma Pasaka aliyense ndimabwereka chiwaya. Ndimaotcha mkate wanga, ndimaphika luni wowawa bwino, ndimawerenga nkhani ya ku Igupto ndi ya pamtanda motsatizana, magalasi ali pamphuno. Chaka chino ndili pakhonde, mkulu uja anadutsa akuchokera kumunda, khasu paphewa. Anaona nsalu ya ulusi wofiira ili pa mkate, anachepetsa liwiro.

"Fikani tidye, bambo," ndinatero.

Anayang'ana kutsogolo n'kupitiriza ulendo. Ndinavundukula nsalu, ndinanyamula mkate, ndipo ndinaunyema asanafike patali, kuti aumve.