Feya wa anansi anga

Anansi anga a kuno ku Domwe savomera kuti akondwa. Pochoka ku Malawi komwe tinathawira nkhondo, ena tinabwera ndi mapoto, iwo anabwera ndi Chingerezi choyamikira theka. Mbatata ikabereka mpaka ngolo kulira, amangoti, "Notibadi." Mvula ikagwa bwino amati, "Fifite-fifite." Ine munthu wobisa mtima sindimukonda, koma awa amandiseketsa mpaka kutsokomola.

Mwezi wathawu mwana wawo Leonel anabweretsa mtsikana woti amukwatire, Alzira, mphunzitsi wa ku Ulongwe. Azakhali a mtsikanayo, omwe anamuperekeza, anafunsa kuti, "Nanga bambo, mpongozi wanu mwamuona bwanji?"

"Ali feya," anatero anansi anga akumwetulira.

Iwo ankatanthauza kuti ali bwinoko, monga anenera ku Dedza. Koma kwa ophunzira Chipwitikizi, feya ndi mkazi wonyansa nkhope. Alzira ananyamula chikwama chake, azakhali nkumanga kapulana, chitenje chawo, kuti azipita. Leonel anagwada pakhomo kutseka njira.

"Bambo, nenani m'Chinyanja, apo ayi ndikalamba wosakwatira."

Anansi anga anatuluka thukuta ngati akukwera phiri atasenza thumba la chimanga. Kenaka anati, "Mwanayu ndi wokongola, ndipo mtima wanga wadzaza ndi chimwemwe."

Alzira anakhalanso pansi. Apo mayi a Leonel anaomba m'manja nati, "Zaka makumi anayi ndikudikira mawu amenewo. Bambo a Leonel, nanenso munditukwaneko feya alendowa asanachoke."