Dothi la kuseri kwa sitolo ya nsomba

Titafika ku Toronto, malo okhawo amene anatilandira osafunsa zambiri anali kwa Matchaina, cha ku msewu wa Spadina. Tinapeza kachipinda pamwamba pa sitolo yogulitsa nsomba zouma, bowa ndi mizu ya mankhwala. Fungo lake linkalowa mpaka m'mapilo. Anzathu a kutchalitchi akabwera kudzationa ankatsina mphuno ali pa masitepe, koma ine silinkandivuta. Ndinakulira pafupi ndi msika wa ku Ntcheu, ndiye fungo la nsomba youma linkangondikumbutsa kwathu.

Mwini nyumbayo anali mayi wachikulire wa Chitchaina, wamfupi, woyenda mothamanga nthawi zonse. Chizungu chake chinali cha mawu owerengeka, changa chinali cha kusukulu chimene iye sankachimva, choncho tinkacheza ndi manja. Kuseri kwa nyumbayo kunali kabwalo kadothi kotchingidwa ndi mpanda wamatabwa. Nyengo yotentha mayiyo ankadzalamo mpiru wa kwawo ndi mphonda zazitali zimene zinkayanga pa mpandawo. M'dera lonselo, kumene kulikonse munthu amaponda simenti, dothi lenileni ndinkaliona pamenepo basi.

Mwana wathu wamkazi anabadwa m'nyengo yotenthayo. M'mawa wina ndikumusintha thewera ndinapeza mchombo wagwa, kanthu kouma, kakuda, kochepa ngati nyemba. Kwathu mchombo sautaya ngati chinyalala. Amayi akuluakulu amautenga n'kukaukwirira pafupi ndi nyumba, pamalo odziwa iwo okha, kuti mwana akhale ndi kwawo komanso kuti oipa mtima asaupeze. Ine mayi wamkulu ndinalibe. Amene ndinali nawo ndi amuna anga, omwe ankanyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu ku Brampton, tauni ina kunja kwa Toronto, n'kumagona komweko kwa mnzawo, kubwera kumapeto kwa sabata miyendo itatupa.

Nditawaonetsa anaseka. "Mayi a mwana, kuno ndi ku Canada. Kulungani m'pepala muponye m'bini. Zimenezo tinazisiya kumudzi."

Ine ndikakwiya pakamwa pamatsekeka, manja ndiwo amayamba kugwira ntchito. Ndinadikira kuti agone masana, ndinang'amba kansalu pa chitenje changa, n'kukulungamo mchombowo. Ndinatsika ndi supuni yaikulu, ndinakumba cha pakona ya mpanda pansi pa mphonda zija, n'kukwirira. Potembenuka ndinaona mwini nyumba akundiyang'ana pa zenera la sitolo. Ndinaganiza kuti andikalipira chifukwa chomukumbira m'dimba. Koma m'mawa mwake ndinapeza pamalopo paikidwa njerwa yofiira, ndipo kuyambira pamenepo khasu lake linkalambalala njerwayo.

Mwanayo sitinakhale naye nthawi yaitali. Mapepala athu okhalira m'dzikolo anali asanatuluke, malipiro a amuna anga sankafikira pa ife tonse atatu, ndipo ine ndinapeza ntchito yosamalira nkhalamba m'nyumba zawo, masiku ena yogonera komweko. Womusiyira mwana panalibe. Mayi wina wa kutchalitchi ankapita kumudzi, ndiye tinamupatsira mwanayo atangoyamba kukwawa, kuti akakhale kwa achemwali anga ku Ntcheu. Tinkati ndi za miyezi yochepa chabe. Ndinabwerera kuchokera ku bwalo la ndege mabere akuwawa, mkaka ukunyowetsa bulauzi, anthu m'basi akuyang'ana kumbali.

M'miyezi imeneyo dera lathu linayamba kusintha. Kunabwera anthu atsopano ochokera ku Hong Kong, ovala majasi aatali, amene ankaima tsidya la msewu n'kumaloza nyumba ndi chala. Akaloza nyumba, pakapita nthawi mumaona mazenera aphimbidwa ndi mapepala, nyundo zikulira mkati. Pamene panali telala panatsegulidwa sitolo ya ndolo ndi mikanda ya golide. Pamene panali ometa panakhala malo ophika buledi. Zikwangwani zakale zamatabwa zinatsitsidwa, zinakwera zoyaka magetsi ofiira. Anthu ankati dera likukongola, ndipo sindikana, linkakongoladi. Koma ine mtima unkangoti phaa nthawi iliyonse ndikaona jasi lalitali litaima moyang'anana ndi nyumba yathu.

Tsiku lina chala chinaloza ife. Mayi wachikulire uja anagulitsa nyumbayo, anapita kukakhala kwa mwana wake kunja kwa mzinda. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, akulankhula zakwawo zimene sindinamve. Mwini watsopano anatiuza kuti pansi pakhala lesitilanti, ndipo ife tikhoza kukhalabe mpaka amisiri afike ku zipinda zam'mwamba. Za kabwalo kakuseri sananene, inenso sindinafunse. Munthu wa lendi safunsa za dothi la eni ake.

Achemwali ndinkalankhula nawo Loweruka, iwo atapita kukadikira foni yanga ku positi ofesi. Loweruka lina, nyengo yachisanu ya kuno ili pafupi kutha, mawu awo anali ena.

"Iwe, mwana wako sali bwino. Akutsegula m'mimba, sakufuna kudya, liwombo lalowa. Tagonekedwa naye kuchipatala."

Ndinafunsa za mankhwala, za madzi amene ankamumwetsa, za dokotala. Anayankha zonse. Kenako anatsitsa mawu.

"Azakhali akufunsa. Mchombo wa mwanayu unauika kuti?"

"Ndinaukwirira, achemwali. Kuseri kwa nyumba."

"Pamalo pabwino? Akuti uonetsetse. Pasakumbidwe pamenepo, mwanayu akuoneka ngati wosokonezedwa."

Ine ndinapita kusukulu. Ndinkagwira ntchito ndi manesi, ndinkadziwa kuti kutsegula m'mimba kumabwera ndi madzi oipa, osati ndi kachikopa kouma kali kutsidya kwa nyanja. Koma mwana wanga ankadwala kumalo kumene sindikanatha kumufungatira, kumupukuta kapena kumuyamwitsa. Chinthu chimodzi chokha cha thupi lake chimene manja anga akanafikira chinali pansi pa njerwa ija. Ndinaika foni pansi.

Lolemba m'mawa ndinadzutsidwa ndi chiphokoso. Nditasuzumira pa zenera ndinaona mpanda uli pansi, amisiri akuponya matabwa ake mu lole, ndipo m'kanjira kakuseri mutaima katapila. Ndinatsika ndi masilipasi. Njerwa ija panalibe. Mphonda zinali zitauma kalekale ndi chisanu, ndipo popanda mpanda sindinathenso kudziwa kuti kona inali pati kwenikweni. Paliponse pankaoneka pamodzimodzi, dothi lakuda losakanikirana ndi chipale chofewa chothimbirira.

Kapitawo wawo anali mzungu wonenepa, wa chipewa cholimba chachikasu. Anandiuza kuti akuwonjezera khitchini ya lesitilanti, ndiye akumba bwalo lonselo kuti athire maziko. Ndinayesa kumufotokozera. Chizungu chonse chimene ndinaphunzira chinandithawa. Ndinalankhula za mwana, za chipatala, za kwathu, iye akungoyang'ana wotchi. Mapeto ake ndinakweza juzi pamaso pa amuna onsewo, ndinaloza mchombo wanga, kenako ndinaloza pansi. Manyazi anali atandithera. Mmodzi wa amisiriwo anayamba kuseka, mnzake anamugunda ndi chigongono. Kapitawoyo anakanda m'khosi, n'kunena kuti lero ayamba ndi za mkati, koma mawa m'mawa katapila ilowa, kaya ndapeza kaya sindinapeze. Anandibwereka fosholo.

Fosholoyo inangodumpha. Dothi la kuno likagwidwa ndi chisanu limauma gwa, kuposa chulu. Ndinakwera kuchipinda, ndinawiritsa madzi m'ketulo ndi m'mapoto onse amene ndinali nawo, n'kumatsika nawo kukathira. Madzi akalowa pang'ono ndinkapala matopewo, n'kuthamangiranso kumwamba kukatereka ena. Kuntchito sindinapite. Nkhalamba imene inkandidikira tsiku limenelo kaya inasambitsidwa ndi ndani, sindikudziwa mpaka lero.

Masana ndinaimbira amuna anga kuntchito kwawo. Anabwera pa foni akupuma mwamphamvu.

"Akurenoveta kuseri kuno, bambo a mwana. Akumba pamene pali mchombo."

"Ndiye mwajomba kuntchito chifukwa cha zimenezo? Akakuchotsani, mankhwala a mwanayo tigula ndi chiyani? Taganizani bwino, mayi."

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinandipsetsa mtima kwambiri. Ndinadula foni osatsanzika.

Ndinagwada m'matopemo n'kumafufuza ndi zala. Ndinapeza mizu ya mphonda, zotsekera mabotolo, minga ya nsomba, zigoba za nkhono zimene mayi uja ankathira ngati manyowa. Kalikonse kakuda ndinkakatola, n'kukapukuta pa chitenje, n'kupeza kuti ndi kamwala kapena kamtengo. Ndinkafuna ngakhale ulusi umodzi wa kansalu kaja, koma mvula ndi chisanu zinali zitadya zonse. Zala zinachita dzanzi, zinang'ambika, magazi ndinkangowaona osamva kuwawa. Ndinapemphera, ndinatukwana mwini nyumba watsopanoyo ndi jasi lake, ndinapempheranso. Mkati mwa nyumba nyundo zinkangolira, ndipo kutsogolo anthu ena ankakweza chikwangwani chatsopano akuseka.

Dzuwa litapendeka ndinadziwa kuti sindiupeza. Mayi wina wogulitsa ndiwo zamasamba pa sitolo yoyandikana nafe, amene anakhala akundiyang'ana ali pa khomo lake lakuseri, anabwera ndi thumba la mpunga lopanda kanthu n'kundiponyera pafupi. Ndinamva zimene ankatanthauza. Ndinakokolola dothi lonse la mbali imene ndinkaganizira kuti ndiyo kona, mpaka thumba linadzaza. Kulinyamula ndinalephera. Ndinalikoka chobwerera m'mbuyo, sitepe ndi sitepe, mpaka m'chipinda, ndinaliimika pamene pankakhala kabedi ka mwana.

M'mawa mwake katapila inalowa. Ndinaima pa zenera kuonerera ikudya kabwalo kaja, lole ikunyamula dothi kupita nalo kumene sindidziwa. Mchombo wa mwana wanga kaya unali m'thumba kumbuyo kwanga kaya unali mu lole, panalibe wondiuza.

Loweruka ndinafotokozera achemwali zonse. Anafunsa, "Koma wauona ndi maso ako?"

"Ayi, achemwali."

"Chabwino. Ndikawauza azakhali kuti dothi uli nalo."

Mwanayo anamwalira sabata yotsatira. Uthenga unadzera kwa abusa athu, amene anabwera okha kudzagogoda ndi amuna anga ali kumbuyo kwawo, ndipo nditangoona awiriwo pa masitepe pakati pa sabata ndinadziwa. Kupita kumaliro sikunatheke. Tikanatuluka m'dzikolo mapepala asanatuluke, chitseko chikanatitsekekera, ndipo ngakhale tikanati tipite, ndege ikanatifikitsa manda atawundidwa kale. Anamuika achemwali ndi azakhali. Ife anzathu a kutchalitchi, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe, anatisonkhanira m'nyumba ya banja lina ku Brampton. Amayi anakhala pansi atatambasula miyendo, anaimba nyimbo za maliro, ine ndili pakati, maso ali pa kapeti pamene pakanakhala bokosi.

Anthu ena anandiuza kuti ndisadziimbe mlandu, ndi madzi oipa basi. Ena sananene kanthu, ndipo kukhala chete kwawoko ndinkakumva. Ine ndemwe sindinadziwe choti ndikhulupirire, ndipo pano ndakalamba sindikudziwabe. Amuna anga za thumbalo sanatchulepo. Ankalilambalala m'chipindamo osaligunda ngakhale ndi phazi, ndipo tinkagona chofulatirana.

Mwezi usanathe amisiri anafika ku zipinda zam'mwamba, tinauzidwa kuti tisamuke. Pansi lesitilanti inali itatsala pang'ono kutsegulidwa. Anali ataika magalasi aakulu, mipando yofiira, ndi thanki ya nsomba zamoyo pafupi ndi khomo. Kuseri, pamene panali mphonda, panali khoma latsopano ndi chipaipi chotulutsa utsi.

Amene anabwera kudzatisamutsira ku Brampton anali bambo wina wa ku Chipata amene tinkapemphera naye, mwini kagalimoto konyamula katundu. Malo anali ochepa. Atakweza matiresi, mapoto ndi masutikesi, anabwerera m'chipinda n'kuona thumba lija. Analigwira kukamwa, anayesa kulikweza, analisiya.

"Amai, ici ni cani? Mpunga?" Anasuzumiramo. "Ah, ni dothi! Ici tisiye cabe, motoka yadzala. Ku Brampton dothi iliko yambiri."

Sankadziwa, ndipo sindinamukwiyire. Mphamvu zokanganira zinali zitandithera. Ndinangokhala pa zenera, manja ali pa miyendo, n'kuganiza kuti basi, nalonso lipite.

Amuna anga anali ataima pakhomo ndi katoni ya mbale. Anaiika pansi. Anavula jekete lawo, kunja kukuzizira choncho, analifunditsa thumbalo n'kulikulunga bwinobwino m'mbali. Kenako anagwada, analikweza pa phewa, n'kuyamba kutsika masitepe pang'onopang'ono, dzanja limodzi lili pa khoma. Bambo wa ku Chipata uja anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Kumbuyo kwa galimoto sanaliike. Anatsitsa sutikesi imodzi pa mpando kuti ndiifungate ine, iwo anakhala pamenepo, thumba lili pa miyendo, mikono italizungulira. Galimoto italira, mnzathuyo anaitulutsa m'kanjira kaja mothamanga, n'kugunda dzenje limene amisiri anasiya, tonse tinadumpha. Amuna anga anagwira thumbalo mwamphamvu.

"Yendetsani pang'onopang'ono, achimwene," anatero. "Tanyamula mwana."